Kabudula Wachikasu

Ndiulule uchitsiru wanga, anzanga: ndili mwana ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti chipani cha bambo anga chinapambana.

Kunali kwathu kuchigwa, ufulu utayandikira. Bambo anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo anali m'kachipani ka alimi a thonje, kofuna kuti nafenso akuchigwa tizimveka. Mbendera ankasoka okha: nsalu yachikasu, pakati thonje loyera. Pakhondepo pankanunkhira mafuta a makina ndi nsalu yatsopano, ine ndili pansi kutola tizidutswa.

Pa chisankho kachipaniko kanagwa chagada, chipani china n'kupambana. Posakhalitsa, wopezeka ndi mbendera yake ankatengedwa, kubwerako kunali kwa mwayi. Bambo anakana kuzitentha. "Thukuta langa silipsa," anatero. Mayi anangotenga sizasi. Sabata isanathe alongo anga anali ndi masiketi, ine kabudula wachikasu. Thonje lija analichotsa bwinobwino, koma pa kabudula wanga panatsala chizindikiro chake chozungulira, pamatako penipeni.

Ine ndiye ndinati basi, tawina! Nanga banja lonse lingavale yunifomu litaluza? Ndinkadutsa pamsika ndikugwedeza mbuyo ngati bakha. Akuluakulu ankayang'ana kumwamba ngati akusaka mvula, ine n'kumati ndi ulemu. Bambo akandiona ankaseka, kenako n'kupukuta m'maso, ati fumbi la thonje.

Lero ndakalambira kuno kutsidya kwa nyanja, ku College Park, komwe munthu amamata chipani chake pagalimoto, wina osamufunsa. Tsiku lina mdzukulu wanga Tadala, wa ku yunivesite, anabwera atakwinya nkhope. Ati wafufuza mabuku onse, kachipani ka bambo anga sikakupezeka.

"Agogo, are you sure?"

"Iwe," ndinatero, "ungaipeze bwanji mbiriyo? Ndinaikhalira ine mpaka inang'ambika."

Anaseka mpaka kutsamwa, koma ine mtima unandiwawa pang'ono. Ndinaganiza kuti bambo anapulumuka mwamwayi chabe, popeza palibe anazindikira nsalu ija.

Usiku umenewo ndinauza akazi anga, a Esinati. Tinakulira mudzi umodzi, ndipo bambo awo ndiwo anali apampando a chipani chopambana chija m'mudzimo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Inu, ukalamba wonsewu simunachenjerebe? Kabudula uja mudzi wonse unkamudziwa. Bambo anga ndiwo anati, wofunsa aliyense muzimuuza kuti ndi nsalu ya m'sitolo. Mumati akuluakulu ankayang'aniranji kumwamba?"