Katumbu wa Ndevu Zoyera

Ku San Diego kuli mkulu wina wa ndevu zoyera amene amadana ndi akatumbu a m'nyanja kuposa matenda. M'mawa uliwonse amavala chovala chosambirira chakuda, chothina thupi lonse, n'kutsetserekera kukagombe kotchingidwa ndi khoma komwe anaphunzirira kusambira ali mwana. Masiku ano kagombeko kadzaza akatumbu, ndipo lamulo limaletsa ngakhale kuwadzutsa.

"Alesi awa! Kudya, kugona, kununkha, basi," amatero mkuluyo, uku akudzisisita chimimba.

Tsiku la msonkhano wa khonsolo, komwe ankayenera kukalankhula m'malo mwa osambira onse, anayamba asambira kaye, kenako n'kudzigwetsa pamchenga kuti apumeko pang'ono. Kunali nkhungu. Marisol, mtsikana wolondera akatumbu, anaona chinthu chakuda chonenepa chikuliza mkonono, n'kuchizinga ndi chingwe pamodzi ndi zinzake.

Akazi a mkuluyo atabwera kudzawadzutsa, Marisol anawatsekereza. "Mayi, musayandikire, muziwopseza nyamazi."

"Iwe, chachikulucho ndi mwamuna wanga!"

"Pepani mayi, dzulo wina anati ndi azakhali ake. Ankangofuna kujambula pafupi."

Mkuluyo anadzuka masana, msonkhano utatha kalekale, khonsolo itagamula kuti kagombeko n'ka akatumbu. Akazi awo ankati lero kugwa mabingu. Koma mkuluyo anangodziwongola, n'kuyasamula.

"Zaka makumi anayi ndili pabanja, aka n'koyamba kugona popanda wondigwedeza. Mtsikana iwe, mawa chingwechi umanga nthawi yanji?"