Mayi Liness ndi Mpesa wa pa Chigafa

Abale anga mwa Ambuye, Bambo Mfumu adandipempha kuti m'kalata ya parishi ya mwezi uno ndilembe za moyo wa mayi athu Liness Nthanda, amene tonse tinkawatcha aNabanda. Poyamba ndidakana. Pa anthu onse a mphakati wathu, ine Levison ndi amene ndidawalakwira kwambiri mayiwa, ndipo sindidaone kuti n'koyenera kuti wopalamula akhalenso wosimba. Bambo Mfumu adati n'chifukwa chake akufuna ndilembe ineyo. Ndiye ndalemba.

Mayi Liness adabadwa m'chaka cha 1951 m'mudzi wina kufupi ndi kwa Chamama. Sukulu adalekezera Sitandade 3 chifukwa manja awo ankafunika kosoka fodya. Kuwerenga adakudziwa pang'ono, kongokwanira buku la nyimbo ndi mapemphero. Adakwatiwa ndi bambo Amosi, ndipo adakhala zaka khumi ndi chimodzi ali matenanti pa esiteti ina asadabwerere kumudzi. Mulungu adawapatsa ana asanu. Anayi adawaika m'manda asadayambe n'komwe sukulu, adatsala Tithokoze yekha. Komabe Loweruka lililonse, ngakhale la sabata ya maliro, ankapezeka m'tchalitchi ndi tsache lawo. Wina atawauza kuti akapume, adayankha kuti, "Kunyumba ndikayang'ana mphasa yopanda munthu. Kuno kuli fumbi londidikira."

Nkhani ya mpesa idayamba m'dzinja la 1988. Masiku amenewo wansembe ankafika pa nthambi yathu kamodzi pa miyezi itatu. Lamulungu lina njinga yake yamoto idaterereka m'matope, ndipo botolo la vinyo lidaswekera m'chikwama. Anthu adali atayenda kuyambira m'mamawa osadya kanthu, kuti alandire Ukaristia. Wansembe adatiuza kuti Misa sichitika, tingomva Mawu a Mulungu basi.

Mayi Liness, amene ankachapa nsalu za pa guwa, adagwada nati, "Abambo, kunyumba ndili ndi thobwa labwino. Silingachite?"

Anthu adaseka, ndipo amene adaseka mokweza kuposa onse ndi ine. Wansembeyo sadaseke. Adawauza kuti Ambuye adatenga chikho cha chipatso cha mpesa, ndipo Mpingo suikamo china.

"Nanga mpesawo umamera kuti?"

"Kutali, mayi. Vinyoyu amachokera kunja."

"Ndiye kuti kwathu kuno Ambuye azingotipeza botolo likapulumuka panjira?"

Kuyambira tsiku limenelo adaika chinthu chimodzi mumtima mwawo: kuti asadamwalire adzamve Misa imodzi yokha ya vinyo wa mphesa za m'dothi la Kasungu.

Adayamba ndi mpesa wa kutchire, uja umayanga pa ziulu m'mbali mwa dambo. Zipatso zake n'zokanda pakhosi, ndipo madzi ake ngakhale bambo Amosi, amene sankabweza chakumwa, adawalavula. Kenaka adapempha nthambi za mpesa woyera umene udali m'munda wakale wa ku mishoni. Umenewo anthu adautcha Dona, chifukwa dzuwa likawomba masamba ankapsa, mvula ikagwa zipatso zinkang'aluka. Adavutika nawo zaka zambiri osalawa kanthu.

Bambo Amosi adamwalira pa njala ya 2002. Adasiya chigafa chachikulu choumitsiramo fodya, cha mitengo yolimba. Achibale adafuna kugawana mitengoyo, koma mayi Liness adapempha kuti awasiyire chimenecho, zina zonse atenge. Udzu wa padenga utatha, padatsala mafupa okhaokha, ndipo pamenepo ndi pamene mpesa wawo udayamba kuyanga.

M'chaka cha 2009 sisitere wina wochokera ku Tanzania, atamva za mayi wosamva kuletsa ameneyu, adawabweretsera timitengo tinayi tokulunga m'nyuzipepala yonyowa. Adati ndi mtundu wa kwawo, kumene kumatentha ngati kuno. Tiwiri tidauma, tiwiri tidaphuka. Mphesa zake zidali zazing'ono, zakuda, za khungu lolimba, zosaopa dzuwa la mu Okutobala. Mayi Liness adautcha Kapirira.

Koma ngakhale Kapirira adawaliza. Mayi ankati kuno kwathu mpesa sugona, umangophuka nthawi iliyonse umene wafuna, ndipo ukausiya umabereka pakati pa dzinja zipatso n'kuwolera pamtengo. Zidawola zaka zinayi zotsatizana. Adadzazindikira okha kuti ayenera kuudulira kwambiri mu Juni, anthu akamatumiza mabelo ku okushoni, n'kumauthirira chilimwe chonse kuti zipatso zipse mvula isadagwe. Madzi ankakatunga kudambo ndi ndowa pamutu, maulendo khumi pa tsiku, ali mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Ife tinkadutsa pamsewu n'kumawaseka.

"ANabanda, fodya wanu wokwawayu mudzakamugulitsa ku okushoni iti?"

Iwo ankatula ndowa n'kuyankha kuti, "Wogula wanga sabweza belo."

Ndiyenera kunena kuti sadasiye ntchito ina iliyonse ya mpingo chifukwa cha mpesawo. Pamaliro ankafika oyamba n'kuchoka omaliza. Odwala a m'mudzi mwathu ankadziwa kugogoda kwawo. Sadali munthu wa mawu ambiri, ndipo kuimba sankatha ngakhale pang'ono, koma ankaimbabe, mokweza, kumbuyo kwenikweni kumene ankakhala pafupi ndi zenera.

Zipatso zitayamba kupsa bwino, padabwera vuto la vinyo weniweniyo. Kawiri konse adasasa n'kusanduka viniga. Shuga sankathiramo, chifukwa adauzidwa kuti vinyo wa pa guwa saonjezeramo kanthu. Adaphunzira kutseka chigubu kuti mpweya uzituluka koma usalowe, ndipo pa zokolola za 2022 adapeza kabotolo kamodzi koyera bwino. Bambo Mfumu adalawa, nakatenga kupita nako kwa akuluakulu a dayosizi. Yankho lidabwera Pasaka wa 2023 atadutsa: vinyoyo adali woyenera. Bambo Mfumu adalengeza m'tchalitchi kuti Misa ya Pasaka wotsatira pa nthambi yathu idzakhala ya vinyo wa aNabanda. Amayi adalulutira. Mayi Liness adangophimba nkhope ndi chitenje.

Chaka chimenecho adadulira mu Juni monga mwa masiku onse, ndipo mpesa udaphuka kuposa kale lonse. Mu Ogasiti miyendo yawo idatupa, mpweya udayamba kuwavuta, ndipo adawagoneka ku chipatala cha ku boma masabata atatu. Tithokoze adapita nawo kukawadikirira. Pokwera galimoto mayiwo adasiya mawu amodzi: "Muzikandithiririra."

Ife a mphakati tidapita anthu asanu ndi anayi, ine wapampando ndili patsogolo. Tidathirira mpaka nthaka idakhuta. Kenaka ndidakweza maso. Chigafa chonse chidali nthambi zanthete, ndipo pa nthambi iliyonse padali timaluwa tobiriwira, tating'onoting'ono, tosaoneka ngati kanthu. Inu nonse mukudziwa chimene mlimi wa fodya amachita akaona duwa. Duwa ndi mdani. Limadya chakudya cha tsamba, ndipo munda wa maluwa ndi munda wa munthu waulesi. Ndidamva manyazi m'malo mwa aNabanda kuti matenda awalepheretsa kuthena mbewu yawo.

Mayi Agnesi, msungichuma wathu, adati, "ALevison, bwanji tingothirira basi, monga adanenera eni ake?"

Ndidawayankha kuti, "Amayi, ndalima zaka makumi anayi ine. Mbewu ndi mbewu. Simumawaona eni akewo akuudula chaka chilichonse?"

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Foni idali m'thumba mwanga, nambala ya Tithokoze ndidali nayo. Sindidaimbe. Tidathothola maluwawo mwaluso, ndi zikhadabo zozolowera, tikuimba nyimbo ya Maria. Pofika masana padalibe duwa loonekera, ndipo tidasesa bwinobwino n'kukataya kudzala.

Mayi Liness atatuluka m'chipatala tidapita kukawalandira. Adatsika galimoto atatsamira Tithokoze, ndipo asadalowe m'nyumba adapempha kuti awafikitse kuchigafa. Adaima pamenepo nthawi yaitali, akuyang'ana nthambi imodzi ndi imodzi. Kenaka adatembenuka nati, "Mwathirira bwino, abale anga. Mulungu akudalitseni." Ine ndidabwerera kunyumba ndikudzitama mumtima. Tithokoze adadzandiuza pambuyo pake kuti titachoka mayi ake adakhala pansi kuseri kwa nyumba n'kulira monga sadalirepo chimwalirire bambo Amosi, ndipo adamuletsa kuuza munthu.

Pakutha pa Okutobala ndidadutsa pakhomo pawo ndipo ndidadabwa kuona masamba okhaokha, aakulu, okongola ngati a fodya wa giredi yoyamba. Ndidafunsa kuti zipatso zachedwa bwanji chaka chino. Adandiyang'ana mwachifundo, nati ndiitane onse amene adabwera kudzathirira, tidzachitire mapemphero a mphakati kwawo.

Titatha kolona, adaloza ndi ndodo pamwamba penipeni pa chigafa, pamene manja athu sadafike. Padali phava limodzi la mphesa zakuda. Tithokoze adakwera pampando nalidula. Mayi Liness adaliika m'mbale, nayamba kutigawira, aliyense mphesa ziwiri.

"Lawani," adatero. "Chilichonse mwa timaluwa tija chikadakhala chonchi. Fodya timalima tsamba, aLevison. Mpesa timalima duwa."

Sindidziwa ngati ndidalawapo chinthu chotsekemera chotero, ndipo sindidziwa ngati ndidavutikapo kumeza chotero. Mayi Agnesi adayamba kusisima. Ine ndidagwada m'fumbi pamaso pa anthu onse n'kupempha kuti andikhululukire.

"Dzukani, mudetsa buluku," adatero. "Mudabwera kudzandithandiza. Manja anu adachita zimene adazolowera. Ndi ine amene ndidakhala zaka zonsezi osaphunzitsa munthu."

"Nanga Misa ya Pasaka, amayi?"

"Pasaka amabwera chaka chilichonse. Za ine ndiye sindikudziwa."

Pasaka wa 2024 tidachita ndi vinyo wa m'botolo lochokera kutauni. Mayi Liness tidawatengera kutchalitchi panjinga, ndipo adalandira Ukaristia atakhala pampando. Ena a nthambi zina, amene adamva lonjezo lija, ankafunsa kuti vinyo wa aNabanda ali kuti. Iwo ankangoti, "Chaka chino sudabereke." Dzina langa sadalitchule kwa munthu aliyense.

Mu Juni adandiitana. Adakhala pampando pamthunzi, ine ndili ndi mpeni, n'kumandiuza kuti apa dulani, apa siyani maso awiri ophukira, apo musakhudze. Ndikalakwitsa ankagogoda ndodo pansi. Munthu wa imvi ngati ine ndidasanduka mwana wa sukulu, ndipo sindidadandaule. Madzi tinkatunga mosinthana, banja lililonse tsiku lake. Mu Ogasiti timaluwa tidabweranso, ndipo adandiuza mondiseka kuti ndikamayendera mpesa ndiziika manja kumbuyo.

Mphamvu zawo zinkatha tsiku ndi tsiku. Pa 9 Sepitembala, Lolemba, Bambo Mfumu adabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. Atatha, mayi adapempha kuti awayalire mphasa pansi pa chigafa. Mphesa zidali zikadali zobiriwira, zazing'ono ngati nandolo. Adaziyang'ana kwa kanthawi, kenaka adaitana Tithokoze ndi ine nati, "Zikayamba kuda, musamale mbalame." Awo ndiwo adali mawu awo otsiriza. Adagona ngati munthu wotopa ndi ntchito, kolona ili m'manja, dzuwa likadali pamutu.

Tidasamala mbalame. Tidakolola pakutha pa Okutobala, mvula isadagwe, ndipo Tithokoze adafinya ndi kutseka chigubu monga adaonera kwa mayi ake. M'mawa wa Pasaka wa chaka chino, pa nthawi ya zopereka, Tithokoze adandipatsa botolo kuti ndinyamule ndine. Ndidakana, koma adati ndi mmene mayi ake adanenera. Ndidayenda kuchokera kukhomo mpaka kuguwa ndikuopa kuti lingagwe ngati lija la 1988. Bambo Mfumu adathira m'chikho, nanena mawu a Ambuye, ndipo kwa nthawi yoyamba chipatso cha m'dothi lathu lino chidakwezedwa pa guwa lathu. Tchalitchi chidadzaza mpaka panja. Malo amodzi okha, kumbuyo pafupi ndi zenera, anthu adawasiya opanda munthu.

Ambiri andiuza kuti aNabanda adaiona Misa imeneyo ali kumwamba, ndipo ndikukhulupirira. Koma iwo adapempha kuti aimve ali pansi pano, adaigwirira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo akadaimva ndikadangoimba foni. Chimenechi chimandipweteka mpaka lero. Adandikhululukira ndisadadziwe n'komwe kuti ndalakwa, ndipo chimenecho ndi chimene ndikufuna ana athu adziwe za iwo.

Ambuye amene adawatumikira ndi tsache ndi ndowa awapatse mpumulo wosatha, ndipo mzimu wawo uuse mu mtendere. Mpesa ukadalipo pa chigafa cha bambo Amosi. Amene akufuna nthambi za Kapirira abwere mu Juni, tidzawadulira. Amene adzabwere mu Ogasiti adzandipeza ndili pomwepo, manja ali kumbuyo.