Chitseko cha ku Malota

Pa nkhani ya nyumba yawo ya ku Malota, atate anga anali nkhutukumve. Inali ya zipinda ziwiri, yomwe agogo anasiya. Agogowo anabwera kuno ku Livingstone kuchokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito ya njanji. Ine, mkazi wanga ndi ana athu atatu tinkathinana m'chipinda chimodzi ngati mbuzi m'khola. Ndinapempha kuti tiigwetse, timange yaikulu pomwepo, koma anakanitsitsa. Mkazi wanga anali atapeza kale nyumba ya lendi cha ku eyapoti. Zinkandiwawa, chifukwa ndinkadziwa kuti tikasamuka, mdala atsala yekha ndi wailesi yawo.

Tsiku lina anandiuza kuti tipite ku Lusaka.

"Ukaone nyumba ya mtsogoleri amene anatitengera ufulu," anatero. "Boma lonse lija silinaigwetse. Manje iwe ndiwe ndani?"

Tinakwera basi m'tauni, iwo atavala jekete ndi tayi pa dzuwa loswa mtengo. Njira yonse ankandiphunzitsa mbiri ya dziko mokweza, mpaka amayi a pampando wakutsogolo anayamba kuvomereza ngati ali m'tchalitchi.

Titafika, ndinadziwa kuti mlandu ndaluza. Kanyumbako kanali kakang'ono, kosasiyana kwenikweni ndi kathu. Atate anasangalala ngati mwana. Chilichonse chimene aona ankandigunda nacho chigongono. Bedi lachitsulo, chigongono. Timawindo tating'ono, chigongono. Nthiti zanga zinaona zakuda tsiku limenelo. Kunena zoona, nanenso ndinagwidwa mtima poganiza kuti nkhani za dziko lonse zinkakambidwa m'kachipinda koti munthu ukatambasula mwendo wagunda khoma.

Kenako mawondo awo anatopa. Anakoka thalauzi pang'ono kuti akhale pampando wina wa pabalaza, koma mtsikana wotionetsa malowo anawaletsa mwaulemu.

"Pepani ba tate, apa sitinkalapo. Nyumba ino ni yoona chabe."

"Nanga amagona muno ndani?" anafunsa atate.

"Kulibe. Tikakomboka ntchito madzulo timakiya, tayenda."

Atate anayang'ana pansi ponyezimira, popanda ngakhale kaphazi ka mwana. Anayang'ana makoma oyera, opanda pomwe wina analembapo ndi khala. Anathokoza mtsikanayo, n'kutuluka kukakhala pansi pa mtengo ndi jekete lawo lomwelo. Chigongono chija sindinachimvenso.

Pobwerera phunziro la mbiri kunalibe. Anangotsegula pakamwa pa Choma, pogulira adzukulu nthochi pawindo. Ine ndinkaganiza kuti atopa, ndipo m'mutu ndinali nditayamba kale kulongedza katundu.

Kunyumba tinapeza ana atakwera pabedi la agogo awo, akudumphadumpha ndi mapazi afumbi. Umenewu unali mlandu waukulu pakhomo pathu. Anawo anasiya kudumpha, kudikira kukalipiridwa. Atate anaima pakhomo kanthawi, kenako anakhala pabedi pomwepo n'kuyamba kuwasendera nthochi.

M'mawa mwake ndinawapeza panja atagwira hamala yobwereka kwa aneba.

"Uuze mkazi wako amasule makatani," anatero. "Gwetsa. Ine sinifuna nyumba yoona chabe. Koma chitseko usachikhudze, anachipala okha atate anga."

Njerwa yoyamba anaigumula okha, ngakhale anaiphonya kangapo.

Nyumba yatsopano ilipo lero, ndipo tonse tili momwemo. Chitseko chija ndinkafuna kuchiika kuchipinda kwawo kuti chisungike bwino, koma analamula kuti chipite kuchipinda cha ana. Chimamenyetsedwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo wina anajambulapo kale galimoto yopanda matayala. Atate amadandaula tsiku lililonse kuti ana amenewa achithyola. Ndikawauza kuti ndichichotse ndikachisunge, amandiyang'ana ngati ndatukwana.