Malume Enoki ndi nyama ya pa Lizulu

Aliyense wodutsa pa Kamwendo ku Mchinji amawadziwa malume anga a Enoki. Akhala akuwotcha nyama ya mbuzi pafupi ndi siteji ya minibasi kuyambira ine ndisanabadwe. Chiwaya safuna n'kuchiona komwe, amati nyama yosambira m'mafuta si kanyenya. Iwo ndi makala, waya ndi mchere basi, ndipo mchira wa mbuzi amaupachika poonekera kuti wogula adziwe chimene akudya. Ndi munthu wabwino, anatilera bambo athu atamwalira. Koma musadzayende nawo ulendo wautali.

Chaka chatha mchimwene wanga Elias anapeza mbeta ku Thyolo, dzina lake Stelia. Ulendo woyamba wokaonekera kwawo unalephereka chifukwa cha maliro, akuchikazi n'kutidikira tsiku lonse. Ulendo wachiwiri malume ake a mtsikanayo anatumiza mawu akuti tikafike Loweruka folo koloko isanakwane, apo ayi tisakavutikenso. Ndipo popanda a Enoki panalibe nkhani, chifukwa ankhoswe ndi iwowo.

Tinanyamuka m'mamawa pa galimoto yahayala, malume kutsogolo ndi dalaivala, ine kumbuyo ndi Elias, mwana wanga Esitere ali pamiyendo. Malume anali asanapitirirepo Lilongwe.

"Lero ndilaweko dzanja la anzanga owotcha nyama," anatero.

Ndinaseka. Ndikanadziwa!

Pa Namitete anaimitsa galimoto, n'kukadikira kuti makala akolele, kenaka n'kubwerera osagula kanthu ati nyamayo inagona. Pa Nathenje anafunsa wowotcha kuti mchira uli kuti. Munthuyo anati, "Madala, mukufuna nyama kapena mchira?" Anakangana mpaka anthu kuunjikana. Pa Chimbiya analawa kachidutswa, n'kuvula jekete, kuyamba kuphunzitsa mwiniwake kayalidwe ka makala. Dalaivala akuliza hutala, Esitere akulira, Elias thukuta lili kamukamu m'shati yatsopano. Stelia anali ataimba kale foni kanayi.

"Malume, nthawi yatha," Elias anatero motsitsa mawu.

"Iwe, mkazi sathawa. Ukufuna ndikayankhule pamaso pa eni mbumba m'mimba muli gwaa?"

Ndinawapatsa mbatata yophika, anakana. Mandasi, anakana.

Tinafika pa Lizulu dzuwa lili paliwombo, Thyolo akadali kutali. Malume anali atagwira kale chitseko. Apo ndinakumbukira kuti m'chikwama muli nyama imene amuna anga anakatenga dzulo lake pa waya wa malume omwewo, yoti ikhale kamba wapanjira.

"Khalani, malume, mwatopa. Ndikakusakireni ndine."

Ndinazungulira kuseri kwa ogulitsa kabichi, n'kupempha mayi wina wowotcha chimanga kuti anditenthetsereko pa mbaula yake. Ndinaikulunga m'nyuzipepala, n'kubwerera ndikuthamanga.

"Tiyeni, a dalaivala!"

Malume ananunkhiza, analuma, n'kutafuna nthawi yaitali maso ali chitsinzinire.

"Ameneyu moto amaudziwa," anatero. Mtima wanga unakhala pansi. Analumanso. "Koma mchere! Akufuna kupha anthu? Dalaivala, tembenuka. Munthu wa luso chonchi sindingamusiye akuwononga nyama, ndikamuuze."

Tinali titayenda kale ndithu. Dalaivala anayamba kuchepetsa liwiro. Elias anagwira mutu.

"Musatembenuke!" ndinakuwa. Sindinawakuwirepo malume chibadwire. "Nyamayo ndi yanu, malume. Munawotcha nokha dzulo pa Kamwendo. Ine ndangoitenthetsa."

Malume anayang'ana nyama ija, anaitembenuza, n'kuikulunganso bwinobwino. Sanapemphenso kuima. Pa Ntcheu utsi wa kanyenya unalowa pawindo, iwo osacheuka. Pa Zalewa chimodzimodzi. Ndinayamba kuopa zina tsopano: ankhoswe okwiya, osayankhula, tikawatani pakhomo pa eni ake? Ndinapepesa kawiri, sanandiyankhe.

Tinalowa m'mudzi mwa a Stelia folo koloko itapitirira pang'ono. Malume ake a mtsikanayo anali ataima pakhonde, mipando ina atalowetsa kale m'nyumba.

"Anthu a ku Mchinji mulibe mawotchi?" anafunsa, moni osapereka.

A Enoki anavula chipewa, n'kunjuta pansi ndi suti yawo yomweyo.

"Wolakwa ndine, bambo, osati mnyamatayu. Ndachedwetsa ana panjira posaka munthu wowotcha nyama kuposa ine. Amene ndam'peza ndi ine ndemwe, ndipo ndimachulutsa mchere. Zaka makumi atatu, popanda wondiuza."

Bambo aja anawayang'ana, anayang'ana kanyuzipepala kamafuta kali m'manja mwawo, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. Anaitanitsa mipando ija. Nkhani inayenda bwino, ndipo lero Stelia ndi mlamu wanga, amakhala nafe ku Dambe.

Ine ndiye malume sanandiyankhule mpaka mwezi unatha. Tsiku lina ndikudutsa pa Kamwendo popita kusikelo anandikodola, n'kundipatsa kachidutswa pansonga ya mpeni.

"Talawa, make Esitere. Unene zoona."

Mchere unali wochepa kwambiri. Ndinayang'ana mzere wa kusikelo m'maganizo, ndinayang'ana nkhope yawo.

"Ili bwino, malume."

"Wanama," anatero. "Khala pansi, tiyambirenso."