Chigamba cha pa Nkhongo ya a Chipeso

A Chipeso anameta anthu zaka makumi atatu m'kachipinda ka pansi pa sitolo ya nsalu, kotsikira masitepe khumi ndi awiri. Munalibe zenera. Munali babu limodzi, mpando wachikopa wong'ambika pokhalira, ndi magalasi awiri oyang'anizana. Ankatsikiramo dzuwa likungotuluka, n'kukweramo litalowa.

Chuma chawo chinali tsitsi: lakuda bii, lothithikana, lopesedwa kasanu pa tsiku. Pashelefu pankandandalika timabotolo ta mafuta osakaniza okha, omwe ankati amameretsa tsitsi ngakhale pabondo. Munthu akafunsa umboni, iwo ankangoloza kumutu kwawo. Ndipo anthu ankagula.

Pakhonde la sitoloyo pankakhala mlamu wawo, wosoka nsapato, mkulu wa dazi lonyezimira. M'mawa uliwonse a Chipeso ankamupatsa moni womwewo.

"Alamu, vindikirani chidazicho, mukuthobwa anthu m'maso!"

"Tabwerani muwothereko dzuwa, alamu," wansapato ankatero, ulusi uli kukamwa.

"Dzuwa n'la abuluzi ndi malova. Ife tili pantchito."

Wometa amaima kumbuyo kwa anthu, choncho amadziwa nkhongo ya aliyense kupatula yake. Koma magalasi awiri aja sasunga chinsinsi. Tsiku lina dalaivala wa basi, ali pampando nsalu ili m'khosi, anatong'ola maso pagalasi.

"Bambo, wakumetani ndani kunkhongoko? Ameneyo muzimuopa."

A Chipeso anapititsa dzanja. Chala chinatera pamalo osalala see ngati dzira, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo. Anamaliza kumeta dalaivalayo akuyenda chammbali ngati nkhanu.

M'mawa mwake anatulukira ndi chipewa. Anadzithira mafuta awo botolo loyamba, lachiwiri, lachitatu, mpaka kolala ya malaya inachita noninoni. Chigamba chinangobereka chinzake pamwamba pa khutu. Dalaivala naye sanagone nayo nkhani, anaikweza basi. Makasitomala anayamba kuchepa, ndipo timabotolo tija tinayamba kuvala fumbi. Ndani angagule mankhwala a tsitsi kwa wometa wosavula chipewa?

Akazi awo ndiwo anatopa. "Bambo, ine ndakwana nako kusesa tsitsi lanu papilo. Valani nsapato, tikupita kuchipatala."

Adokotala anali mayi wamsinkhu wa mwana wawo wachisamba. Anawavula chipewa, kuwaweramitsa mutu, kuyang'ana ndi kagalasi, n'kutumiza magazi kukayezedwa.

"Si chipere ayi, agogo. Ndi asilikali a m'thupi mwanu momwe. Asokonezeka, akumenyana ndi mizu ya tsitsi lanu ngati ndi mdani."

Mawu oti agogo anawabaya kuposa singano yotengera magazi.

Zotsatira zitabwera, adokotala anapukusa mutu. "Vitamini D watsala wongolawa. Sindikuti wathothola tsitsi ndi iyeyu yekha, koma kawirikawiri odwala nthendayi timawapeza ali naye wochepa. Khungu limamupanga likaombedwa ndi dzuwa. Inu dzuwa munaliona liti?"

A Chipeso anaganiza kaye. Akazi awo anawayankhira: "Pa ukwati wa mwana wathu. Komanso anali pansi pa ambulera."

Adokotala anawapatsa mapiritsi, mankhwala opaka pazigambazo, ndi lamulo: tsiku lililonse azikhala padzuwa kanthawi, manja a malaya atapinda.

Tsono pamsewu wonsewo, malo amene dzuwa la m'mawa linkafika bwino anali amodzi okha: benchi ya wansapato. A Chipeso anazungulira nyumba yonse kawiri kufuna pena, koma kuseri kunali mthunzi ndi migolo ya zinyalala. Anabwera mwakachetechete n'kukhala kunsonga kwa benchi, mikono ili mbuu ngati chinangwa chosenda.

Wansapato sanadzutse mutu. Anakhoma msomali, kukhomanso wina.

"Abuluzi achuluka chaka chino," anatero.

"Adokotala ndiwo alamula."

"Ee, n'chimodzimodzi ine. Vulani chipewacho, alamu. Anyani sasekana zikundu."

Sanavule. Anakhala pabenchipo miyezi inayi, akumwa mapiritsi ndi chipongwe cha mlamu wawo, thukuta likuyenderera pansi pa chipewa. Mwezi wachisanu, akazi awo powapaka mankhwala anaona timaweya tikutuluka, toyera ngati ta mwanapiye.

Sabata yomweyo kunatsika mphunzitsi wina wachinyamata, chisoti chili mpaka m'makutu. Atatsimikiza kuti ali awiriwiri anachivula. Chigamba chomwecho, kukula komweko.

"Achimwene anga akuti mafuta anu aja ngabodza," ananong'ona. "Akuti inunso tsitsi linakuthawani."

A Chipeso anayang'ana mnyamatayo, anayang'ana shelefu. Kenaka, koyamba pamaso pa kasitomala, anavula chipewa n'kuwerama pansi pa babu.

"Gwirani apa, aphunzitsi. Mukumva chiyani?"

"Likumera!"

"Basitu. Koma mafutawa ali ndi malamulo ake. Muyambe mwapita kuchipatala akakuyezeni magazi, ndipo zimene akakupatseni mukamwe, zopaka mukapake. M'mawa uliwonse muziwothera dzuwa. Mukaphonya chimodzi, mafuta anga sagwira."

Mphunzitsi anazilemba zonse m'kope mwake, mwaulemu, n'kugula mabotolo awiri. A Chipeso anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta fumbi pa otsalawo.