Aziyenda, osati azipita

Lachiwiri lapitali apongozi anga anatsala pang'ono kuthawitsa mkazi wanga m'chipatala. Chifukwa chake? Liwu limodzi basi.

Mayi akunyumbawa anachira kudzera pa opaleshoni, mwana wamkazi. Apongozi anatsetsereka ku Misuku ndi phava la nthochi pamutu, n'kudzakhazikika pambali pa bedi ngati mnyamata wofunsa makhadi a chipani pachipata cha msika kale lija. Wodwala akati atembenuke, iwo "Yayi!" Akati atambasule mwendo, iwo n'kumufunditsa bulangete lina.

Kutacha, namwino pozungulira anangoti, "Mayiwa aziyenda."

Pobwera ndi tiyi ndinapeza apongozi atamanga kale katundu, khanda lili kumsana, maso ali psu. Akuti n'chipatala chanji chopirikitsa munthu wa bala laliwisi? Musawaseke kwambiri. Chichewa chawo n'chapamsika wa pa Boma, kumene "tiziyenda" ndiko kutsanzika.

Namwino atamva zimenezi anaseka mpaka kugwira chitsulo cha bedi. Kenaka anafotokoza kuti munthu akagonera osasuntha, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Chibuluma chake chikathothoka chimakatseka m'mapapo, munthu n'kupita bala likupola bwinobwino. Kuseka kunandithera, abale, ndinachita mantha.

Koma kodi si mmene timadwazira tonsefe? Kwathu kuno chikondi ndi "gonani, musadzuke". Wochitidwa opaleshoni, mayi wodwala pakati, wongochira kumene, nkhalamba yothyoka mwendo, onsewa timawatumikira mpaka madzi osukusula, pomwe ndiwo amene vutoli limawakonda.

Mankhwala oyamba ndi aulere. Achipatala akaloleza, wodwala adzuke, aponde pansi, afike pakhomo n'kubwerera. Wolephera kudzuka azivinitsa mapazi ali chigonere, azimwanso madzi. Mwendo umodzi ukatupa, katumba n'kumatentha kapena kuwawa, osamuthowa, osamusisita, thamangani naye kwa dokotala.

Apongozi atamvetsa anangoti "Yewo", n'kumasula katundu. Lero ndiwo kapitawo. Akumuyendetsa mwana wawo pakhonde la wodi uku akumunyogodola kuti iwo ankakwera phiri ndi thumba la khofi ali ndi pakati. Mkazi wanga akudandaula kuti bola muja ankamuletsa, koma miyendo yake ili bwinobwino, ndipo ine mtima uli m'malo.

Nanga wodwala wanu uja mwamutsekera kuchipinda, amene mukumupatsira chilichonse pamphasa, dothi analiponda liti?