Nsapato ya Kumanzere ya Ba Whyson

Mukafika ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, n'kufunsa za Ba Whyson Mbewe, anthu sakuuzani za nkhope yawo. Angokuuzani kuti muziyang'ana pansi. Mukaona munthu amene nsapato yake ya kumanzere ndi yokhuthala ngati buledi, ya kumanja ili wamba, ndi omwewo. Alendo amayesa kuti anabadwa ndi mwendo umodzi waufupi. Ayi ndithu, miyendo yonse iwiri ndi yaifupi mofanana.

Ba Whyson anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu pa kampani ina yogaya chimanga, akukonza makina. Injini ankaimva ndi khutu monga mayi amazindikirira kulira kwa mwana wake pakati pa ana khumi. Koma zinafika zaka zija makampani ankatseka zipata motsatizana, mtengo wa unga ukudzuka m'mawa kuposa tambala. Anawapatsa kalata ndi kandalama kotsanzikira, kamene kankasungunuka kali m'thumba.

Akazi awo, Ba Mainess, anali atayamba kale kusonkhanitsa masaka.

"Batate ba Ketty, tiyeni chabe ku Petauke. Kumunzi munthu safa na njala."

Ba Whyson anachoka ku Petauke ali mnyamata, atalumbira pamaso pa amalume awo kuti khasu sadzaligwiranso. Abwerere ndi mapoto pamutu, amalumewo akadali moyo ndipo mano oseka nawo akadalipo? Iwo anali ndi maganizo ena. Kumafamu a kumadzulo kwa Lusaka kunali zigayo zazing'ono zimene zinkafa kawirikawiri. Mwini chigayo chimodzi, mayi wolimba mtima dzina lake Ba Philomena, anawauza poyera kuti ngati angamafike tsiku lomwelo uthenga ukawapeza, mvula kapena dzuwa, ntchito ndi yawo, ndipo adzawatchula kwa anzawo. Akalephera kamodzi, basi.

Pamenepo panafunika njinga yamoto yotha kuthamanga pa msewu wa tala, kuyenda m'tinjira ta kumafamu, komanso kutuluka mu Kanyama nthawi ya dzinja, imene nyumba zimakhala zilumba ndipo achule amalowa m'tchalitchi osaitanidwa.

Ba Mainess anavomera, koma anaika malire a dzinja limodzi. "Mainza yamozi chabe. Ikakangiwa njinga yanu, tikwera basi." Atatero anatenga mpini wa tsache, nauimika pakhoma la panja. Mayi aliyense wa ku Kanyama amadziwa mzere umene madzi amasiya pakhoma lake, ndipo amaukumbukira kuposa tsiku la ukwati. Anasankha mzere wapamwamba kwambiri, nadula chizindikiro pampiniwo ndi mpeni.

"Tengani. Musagule na maso."

Ba Whyson anapita ku Matero kwa Ba Chisala, Mubemba wolankhula mokoma amene ankagulitsa njinga zakale kuseri kwa nyumba yake. Anatsagana ndi mnansi wawo Moven, amene anachotsedwa ntchito tsiku limodzi ndi iwo, munthu woti kuseka anzake ndiye chakudya chake.

Njinga zinalipo zitatu. Yoyamba inali yofiira, yonyezimira, yaifupi ngati mpando wa m'nyumba. Ba Whyson atakhalapo, mapazi onse awiri anagunda pansi bwinobwino, chinthu chimene sichinkawachitikira ngakhale pa benchi la kutchalitchi. Mtima unagwa nayo m'chikondi pomwepo. Anadziona kale akudutsa mu Kafue Rodi, anthu akutembenuka.

"Iyi ni yanu, mudala," anatero Ba Chisala. "Monga banakupimani."

Koma mpini unali m'manja, ndipo kuseri kwa mpiniwo kunali nkhope ya Ba Mainess. Anatsika, nagwada, nauimika pambali. Chizindikiro chinapitirira paipi ya utsi, chinapitiriranso kabokosi kopumira injini. Njinga imeneyi mu Kanyama ikanamwa madzi ngati ng'ombe.

"Mwabwela kugula olo kupyanga?" anafunsa Moven, akuloza tsachelo.

Yachiwiri inali chimphona cha mzungu wina wa kufamu. Chizindikiro chinangofika m'mawondo mwake. Koma Ba Whyson anapempha chinthu chimene Ba Chisala anali asanamvepo: kuti aigoneke pansi.

"Awe mukwai, njinga sibagoneka!"

"Kuthengo izagona yeka. Nifuna nione ngati ninganyamule."

Anaigoneka pa matayala akale. Ba Whyson anakoka, anabuula, mitsempha ya m'khosi inatuluka ngati zingwe. Chimphona chinangokhala chigonere. Anaidzutsa atatu.

Yachitatu inali pakona, pansi pa lata. Yoyera kale, tsopano ya mtundu wa phulusa, yowonda, matayala a zibuma, paipi ya utsi itakwezedwa mpaka pafupi ndi chishalo. Inali ya alangizi a zaulimi. Siinali yaikulu, siinali yaing'ono, ndipo kukongola kunaidutsa patali. Mpini unati madzi adzatsala zala zitatu pansi pa kabokosi. Ataigoneka, anaidzutsa okha. Atailiza, anatseka maso, namvetsera nthawi yaitali, nagwedeza mutu.

Kenaka anakwera. Mapazi analendewera m'malere ngati a mwana pa phewa la atate ake.

Moven anaseka mpaka anakhala pansi. "Ba Whyson, muzayamba kuyenda na makwelelo? Pa maloboti muzaima bwanji, muzagwila minibasi?" Ndipo pofuna kuonetsa mmene anthu anzeru amagulira, Moven anatenga yofiira ija.

Ba Whyson anakankha yawo mpaka ku Kanyama, osakwera. M'mawa mwake anapita kwa wosoka nsapato wa pamsika ndi chidutswa cha tayala la thirakitala. Anamuuza kuti achimate kunsi kwa nsapato ya kumanzere yokha, magawo atatu, poti phazi la kumanja ntchito yake ndi buleki. Chitsulo chosinthira magiya anachiwotcherera okha, nachikweza kuti nsapatoyo izilowa. Akafuna kuima, ankasendeza thako kumanzere, nsapato n'kugunda pansi, nji! Mlungu woyamba anagwa kanayi, kamodzi pamaso pa amayi a chigwirizano. Anadzuka, nawapatsa moni mwaulemu, nakweranso.

Mayeso enieni anabwera mu Febuluwale. Mvula inagwa masiku asanu osapuma. Lachisanu m'mawa mayi wina wogulitsa tomato anafika atakwinya chitenje mpaka m'ntchafu, ndi uthenga wa Ba Philomena: chigayo chafa, anthu ali pamzere ndi matumba awo.

Ba Mainess anayang'ana khoma. Madzi anali pa mzere uja ndendende. Masaka a ulendo anali pamwamba pa tebulo, omanga kale.

"Batate ba Ketty, ngati simungakwanise, palibe wamene azakusekani."

"Alipo," anatero Ba Whyson. "Ali ku Petauke."

Anamanga zipanala pamsana, nalowa m'madzi ndi giya yoyamba. Injini inkalira mofatsa, madzi akugawikana uku ndi uku. Pansi panali miyala yosaoneka, ija ya ku Kanyama yonga mano a ng'ona. Pafupi ndi msika tayala lakutsogolo linagunda umodzi, njinga n'kupendekera kumanzere, kabokosi kopumira kakuweramira madzi. Anthu amene anaima pa zidina anakuwa. Nsapato inamira, inafufuza, inapeza mwala, nji! Njinga inaima chopendekera, injini ikulirabe.

Patsogolo pang'ono anapeza Moven, madzi m'mawondo, akukoka yofiira ija ngati mbuzi yokana kupita kumsika.

"Ba Whyson! Nithandizeniko!"

"Nizabwela mazulo. Uchoseko pulagi, uipendeke ilavule manzi. Olo nikubweleke chipyango chija?"

Chigayo cha Ba Philomena chinalira dzuwa lisanafike pamutu. Pofika Epulo Ba Whyson ankasamalira zigayo zisanu, ndi mapampu a madzi awiri. Madzulo a Lachisanu lija anabwerera ali matope mpaka m'makutu, atamangirira kumbuyo thumba la unga ndi nkhuku yamoyo. Anapeza masaka atamasulidwa, mapoto ali pamalo pake. Ba Mainess anangowavula nsapato ya kumanzere, naitsuka bwinobwino, naiika pamwamba pa kabati pamene pamakhala mbale za alendo.

Ku Petauke anapitako ndithu, patatha zaka ziwiri, pa njinga yomweyo. Amalume anaizungulira kawiri, nayang'ana nsapato ija, nafunsa ngati ku Lusaka anthu onse olemera amavala choncho.

"Osati onse," anatero Ba Whyson. "Amene tili ndi njinga basi."